Digiri kapena luso? Funso la mnyamata wa ku Chisepo wofuna kupanga mawebusayiti

Mwezi watha msuweni wanga wa ku Chisepo, m'boma la Dowa, ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp usiku anthu atagona. Iyeyu analemba mayeso a MSCE zaka ziwiri zapitazo, anakhoza, koma mapointi ake sanamufikitse pa mndandanda wa osankhidwira ku mayunivesite a boma. Kuchokera nthawi imeneyo wakhala akudziphunzitsa yekha kupanga mawebusayiti pa kafoni kong'aluka galasi pakona. Funso lake silinali lozungulira: "Asuweni, abambo akuti akagulitsa soya ndi fodya chaka chino andipatsa kangachepe. Ndikalipire dipuloma ku Lilongwe, kapena ndigule laputopu ndizingophunzira ndekha? Pa YouTube akuti masiku ano digiri ilibenso ntchito."

Ndinatha masiku atatu ndisanamuyankhe. Ine digiri ndili nayo, ya zofalitsa nkhani, ndipo inandisunga pakhomo miyezi yambiri ndikutumiza ma CV kumalo komwe ngakhale "talandira" sanandiyankhe. Choncho sindingakwere pachulu n'kumalalikira kuti pepala ndiye zonse. Koma mawu akuti "digiri ilibe ntchito" amandiopsanso, makamaka akamveka kwa mnyamata amene makolo ake ali ndi mpata umodzi wokha womuthandizira.

Tiyambe ndi komwe mawuwa akuchokera. Ambiri mwa anthu amene amanena zimenezi pa YouTube ndi TikTok ali ku America kapena ku Ulaya, ndipo sakunama kwenikweni. Makampani ngati Google ndi IBM anachotsadi lamulo loti munthu akhale ndi digiri pa ntchito zawo zina. Ntchito yopanga mawebusayiti ili ndi ubwino womwe ntchito zambiri zilibe: imaoneka. Namwino sangakuonetseni pa foni odwala amene anawasamalira, koma wopanga webusayiti amangokupatsani linki, inu n'kudina, n'kuona nokha ngati ikutseguka msanga kapena ikukoka miyendo. Zili ngati fodya ku okushoni ku Kanengo, komwe wogula amasolola tsamba m'belo n'kuliyang'ana, safunsa kuti mlimi analekeza sitandade chani.

Vuto ndi lakuti msika wa ntchito kuno kwathu sunamangidwe choncho.

Tsegulani tsamba la ntchito mu nyuzipepala, kapena m'magulu a WhatsApp otumizirana ma vacancy aja. Ikakhala ntchito ya zamakompyuta ku banki, ku kampani ya mafoni, ku boma kapena ku bungwe lothandizidwa ndi mayiko akunja, mzere woyamba umakhala womwewo: digiri ya Computer Science, Information Technology kapena ina yofanana nayo, yochokera ku sukulu yovomerezeka. Mzere wachiwiri umati zaka ziwiri, zitatu, nthawi zina zisanu munthu akugwira kale ntchitoyo. Ndiye mkangano woti chofunika n'chiti pakati pa maphunziro ndi experience ndi wa ife ofuna ntchito. Olemba ntchito sakukangana nawo. Iwo akufuna zonse ziwiri, ndipo poti ofunsira ndi ambiri, amazipeza.

Pali chifukwa chake, ngakhale chimawawa kumva. Amene amayamba kuona makalata ofunsira ntchito nthawi zambiri ndi a ofesi yoona za antchito, osati katswiri wa makompyuta. Munthuyo sadziwa kuwerenga code, ndipo patebulo pake pali mulu wa makalata. Amafuna sefa, ndipo sefa yapafupi ndi pepala. Wopanda digiri amagwera pomwepo, linki yake ija palibe amene waidina. Ku boma ndiye nkhani yake ndi yomangika kale, chifukwa giredi ndi malipiro zimatsata pepala: wa digiri amayambira pamwamba pa wa dipuloma, wa dipuloma pamwamba pa wa MSCE, kaya mwa atatuwo wodziwa ntchito ndi uti. Ngakhale wofuna kupita ku Joni ndi chilolezo cha anthu aluso losowa, mapepala ake amayenera kukaunikidwa kaye ndi bungwe la SAQA la ku South Africa. Kumeneko sungapereke linki.

Ulipo msika wina womwe sufunsa pepala. Sukulu za pulaiveti, malo ogona alendo, mipingo, masitolo a zipangizo zaulimi, makopaletivi, timabungwe ta m'madera. Awa amangofuna chinthu chogwira ntchito. Koma amalipira zochepa, ambiri tsamba la Facebook ndi nambala ya WhatsApp zimawakwanira, ndipo mukawauza mtengo amayankha kuti mwana wa achemwali awo atha kuwapangira ulere. Kenako pali msika wakunja, pa Upwork ndi Fiverr, komwe palibedi amene angakufunseni kuti munaphunzira kuti. Kumeneko mukupikisana ndi anyamata a ku India, Pakistan, Nigeria ndi Kenya omwe ali ndi ndemanga mazanamazana za makasitomala akale, inu mulibe ngakhale imodzi.

Chitsanzo chabwino cha zomwe luso lopanda pepala lingachite chili m'boma la Dowa momwemo, ku Dzaleka. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 anasanduka kampu ya anthu othawa kwawo. Anakonzedwa kuti azisunga anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Malamulo a dziko lino salola anthu othawa kwawo kulembedwa ntchito kapena kukhala komwe afuna mwaufulu, ndipo mu 2023 boma linabweza kukampuko ambiri amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni. Kwa mnyamata wa ku Dzaleka, ngakhale atakhala ndi digiri, khomo la banki kapena la ku Capital Hill ndi lotseka.

Kumeneko n'komwe Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB, malo ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu a kompyuta. Anayamba ndi ophunzira ochepa kwambiri ndipo makompyuta anali osowa, moti ena ankaphunzira malo a zilembo pa kiyibodi yosindikizidwa papepala. Mu 2017 kampani ya Microsoft, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, inatsegula AppFactory pakampupo, n'kubweretsa intaneti ndi zipangizo. Nkhaniyi imakonda kufotokozedwa ngati umboni woti khama lokha limakwana. Ine ndikaiwerenga ndimaonamo zina. Khama linalipo kuyambira pa tsiku la kiyibodi yapepala lija, koma zinthu zinayamba kuyenda pamene panapezeka chipinda, magetsi, intaneti, makompyuta, mphunzitsi ndi anzako okhala nawo pabenchi limodzi. Mwa njira ina, Remy anamanga sukulu. Yosapereka digiri, inde, koma sukulu ndithu.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse kwa msuweni wanga. Anthu a pa YouTube aja amalankhula ngati experience ndi yaulere, ngati imangotoledwa panjira, pomwe digiri ndiyo yodula. Maphunziro ake ndi aulere, zoona. freeCodeCamp, The Odin Project ndi CS50 ya ku Harvard zonse mutha kuzitsata osalipira tambala. Koma zonsezo zili m'Chingerezi, zimadya bandulo, ndipo zimayembekezera kuti muli ndi kompyuta. Pa foni mutha kuphunzira HTML ndi CSS, zomwe zimapanga mafupa ndi maonekedwe a tsamba, mwinanso chiyambi cha JavaScript. Mukafika poti mulumikize tsambalo ndi database, muyese ngati likuoneka bwino pa sikirini yaikulu ndi yaing'ono, mufufuze pomwe code yaphonya, chala chimodzi pa galasi long'aluka sichingakwanitse. Laputopu, ngakhale yakale, inakwera mtengo kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Malo osungira webusayiti pa intaneti kawirikawiri amalipiridwa m'madola, m'dziko lomwe madola ake ngakhale makampani akuluakulu akuwasowa. Nanga magetsi? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene amaunikira magetsi m'nyumba, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Mudzi wa amalume anga uli m'gulu la osafikiridwawo. Foni imakachajidwa ku tuledingi.

Tsono taonani wophunzira wa ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena UNIMA. Chomwe amapeza kumeneko si zolemba za aphunzitsi zokha. Amapeza soketi, Wi-Fi, labu ya makompyuta, mnzake wa chaka chachinayi womuonetsa pomwe walakwitsa, ndiponso kalata ya sukulu yomupezera malo a attachment ku kampani. Ganyu yake yoyamba nthawi zambiri imabwera kudzera mwa mnzake wa m'kalasi kapena mphunzitsi. Kunena mosabisa, kuno ku Malawi njira yapafupi yopezera experience imadutsa pasukulu pomwepo. Zinthu ziwiri zomwe tikuziika pa sikelo ngati zotsutsana, nthawi zambiri zimagulitsidwa m'thumba limodzi, ndipo mwana wa ku Chisepo, ku Kayembe kapena kumapiri a ku Ntchisi amene sanasankhidwe amataya zonse ziwiri tsiku limodzi. Ndipo otere ndiwo ambiri. M'zaka zaposachedwapa okhoza MSCE akhala pakati pa 50 ndi 60 pa 100 alionse, ndipo mwa okhozawo, amene amapeza malo ku mayunivesite a boma ndi kagawo kochepa chabe.

Izi sizikutanthauza kuti a madigiri zawo zili bwino. Ndakumanapo ndi omaliza maphunziro a zamakompyuta amene atha kukufotokozerani bwinobwino tanthauzo la database m'Chingerezi chosalala, koma sanaikepo tsamba ngakhale limodzi pa intaneti. Pulojekiti yawo ya chaka chomaliza inathera mu flash, flash inasowa, nkhani inatha. Zaka zinayi anali ndi soketi ndi Wi-Fi zija, n'kumadikira kuti experience idzayamba tsiku lomwe adzavale gauni. Oterewa sefa ya pepala amadutsa, koma akafika pa intavyu n'kuuzidwa kuti "tationetsani chomwe munapangapo", amayamba kuyang'ana kudenga. Ine ndemwe ndinachita chimodzimodzi pa ntchito yanga: ndinatuluka ndi digiri koma ndilibe nkhani yosindikizidwa yoti ndingaonetse mkonzi aliyense, ndipo chomwe chinadzanditsegulira khomo ndi nkhani zomwe ndinalemba osalipidwa.

Palinso china chomwe chasintha, ndipo makanema ambiri aja anajambulidwa chisanachitike. Chakumapeto kwa 2022 kunabwera ChatGPT, ndipo lero tsamba losavuta la sitolo kapena la mpingo makina a AI atha kulilemba m'mphindi zochepa. Ngakhale kale, WordPress ndi Wix zinali zitachepetsa kale ntchito yamtunduwu. Ntchito zing'onozing'ono zomwe wongoyamba kumene ankaphunzirirapo ndi zomwe zikuyamba kutha. Chizindikiro chinaoneka ngakhale AI isanafike. Kampani ya Andela, yomwe inayamba ku Lagos mu 2014 ndi kutchuka chifukwa chotenga achinyamata a mu Africa n'kuwaphunzitsa okha kulemba mapulogalamu, mu 2019 inachotsa ongoyamba kumene pafupifupi 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda, ponena kuti makasitomala ake akufuna akatswiri okhwima. Kuno kwathu, kudulidwa kwa thandizo la USAID mu 2025 kunakhudza mabungwe ambiri, makamaka a zaumoyo, omwenso ankalemba ntchito anthu a zamakompyuta. Anthu a madigiri ndi zaka zambiri pa ntchito abwerera pamzere womwewo womwe msuweni wanga akufuna kuimapo.

Ntchito yomwe ikutsalira anthu ndi yovutirapo ija. Kulumikiza webusayiti ndi Airtel Money kapena Mpamba kuti kholo lilipire fizi, ndalama zisasochere. Kukonza tsamba kuti litseguke pa netiweki yofooka ya kumudzi osamaliza bandulo ya munthu. Kuteteza mayina a ana asukulu ndi manambala a makolo awo kuti asabedwe, zomwe tsopano si nkhani ya ulemu chabe, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Zoterezi zimafuna munthu womvetsa chifukwa chomwe chinthu chikugwirira ntchito, osati wongokopera zomwe waona pa kanema. Wodziphunzitsa yekha atha kufikapo, alipo amene afikapo, koma ayenera kudzikakamiza kuphunzira mbali zosasangalatsa zomwe kusukulu amakukakamiza ndi mayeso.

Wina anena kuti nanga William Kamkwamba? Eya, iyeyo anabadwira ku Dowa konkuno mu 1987, n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala ya 2002, ndipo anapanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi mabuku a mu laibulale yaing'ono. Dziko linamudziwa chifukwa cha chinthu chomwe anapanga. Koma mpata utapezeka sananene kuti sukulu ilibe ntchito. Anabwerera m'kalasi, anapita ku African Leadership Academy ku South Africa, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Anthu amakonda theka loyamba la nkhaniyi chifukwa ndilo lokoma mu filimu.

Olemba ntchito nawonso ndili nawo mawu. Ngati ntchito ndi yopanga mawebusayiti, n'chifukwa chiyani simupereka mayeso a ntchitoyo musanataye makalata? Perekani ola limodzi ndi kompyuta, munthu akonze tsamba losweka, muone. Ntchito zina izi n'zosatheka, koma iyi n'zotheka, ndipo sizidula. Kufuna zaka zitatu za experience pa ntchito yoyambira n'kufuna kukolola m'munda momwe simunadzale, poyembekezera kuti kampani ina ndiyo iphunzitse munthuyo. Boma linayambitsa ndondomeko ya internship ya omaliza maphunziro mu 2018, koma monga dzina likunenera, khomo lake ndi pepala lomwe lija. TEVETA ili ndi njira yozindikira luso lomwe munthu anaphunzira kunja kwa kalasi n'kumupatsa setifiketi. Ganizo limenelo ndi labwino, ndipo likufunika kufika kwa mnyamata wa code monga limafikira kwa mmisiri wa matabwa kapena womanga nyumba.

Tsono msuweni uja ndinamuyankha chiyani?

Ndinamuuza kuti akanakhala kuti wasankhidwa ku yunivesite ya boma, ndikanati pita, usayang'ane m'mbuyo, ukafunsire ngongole ya ophunzira, koma uyambe kupanga zinthu zenizeni kuyambira chaka choyamba. Poti sanasankhidwe, ndipo ndalama za amalume sizingakwanire fizi, lendi ndi chakudya cha ku Lilongwe mpaka dipuloma ithe, kuyamba sukulu n'kuisiyira panjira ndiye kutaya konse: pepala palibe, laputopu palibe, ndalama zapita. Ndinati agule laputopu yakale yolimba ndi kasola koti kazitha kuichaja, adzipatse chaka chimodzi, ndipo m'chakacho asapange mawebusayiti oyeserera a malesitilanti a ku New York ngati a pa YouTube. Apange zinthu zitatu zomwe munthu wamoyo wa ku Chisepo kapena ku Mponela azigwiritsa ntchito. Kaundula wa kalabu ya alimi wosonyeza amene wabweretsa matumba angati a soya ndi amene walipidwa. Tsamba la sukulu ya m'dera. Mndandanda wa mitengo wa wogulitsa mbewu ndi feteleza. Alipiritse ngakhale kangachepe, chifukwa kasitomala amene walipira amadandaula, ndipo madandaulo akewo ndiwo experience imene ikunenedwayo. Code yonse aziisunga pa GitHub. Akapeza ya thiransipoti azifika ku Lilongwe kumalo ngati mHub, komwe kumasonkhana anthu a ntchitoyi, chifukwa maganyu ambiri amayenda pakamwa.

Ndinamuuzanso mbali yomwe sanafune kumva: pepala adzalifunabe. Atha kubwereza maphunziro awiri kapena atatu a MSCE kuti atsitse mapointi n'kuyesanso mwayi, kapena maganyu akayamba kubweretsa kanthu adzalembetse dipuloma ya kumapeto kwa sabata, monga ku NACIT. Koma asanapereke ndalama ku koleji iliyonse, ayambe waona ngati ili pa mndandanda wa NCHE kapena TEVETA. M'tauni muli timakoleji tambiri ta pamwamba pa masitolo, tokhala ndi zikwangwani zokongola ndi masetifiketi omwe palibe wolemba ntchito amawawerengera. Chikomekome cha mkuyu.

Sindikunena kuti malangizowa ndi opanda chiopsezo. Chaka chimodzi uli wekha kumudzi, wopanda wokufunsa kuti lero waphunzira chiyani, chimatha msanga, ndipo laputopu imasanduka yoonerapo mafilimu. Nyengo ya dzinja ikafika, amalume sadzamvetsa kuti munthu wamphamvu zake wakhala pamthunzi akudinadina pomwe fodya akufuna kupalira. Ndipo n'zotheka ndithu kuti pakutha pa chakacho adzapeza kuti ku Chisepo kulibe anthu okwanira ofuna kulipira ntchito yotere, n'kuyenerabe kulowa m'tauni.

Anandiyankha m'mawa mwake kuti iye wamva, koma abambo ake sanakhutire. Akuti amalume ananena kuti laputopu imabedwa, imagwa, imapsa ndi mphezi, pomwe setifiketi ukaiika m'sutikesi imakhala mpaka kalekale. Sindinapeze choyankha msanga, chifukwa mkuluyo waona anthu ambiri akulembedwa ntchito ndi pepala, ndipo sanaonepo ngakhale mmodzi wa m'mudzimo akudya za pa intaneti. Tagwirizana kuti ndipite konko msika wa fodya usanatsegulidwe mu April, msuweni akawaonetse pa foni kaundula wa kalabu yawo ya alimi, womwe wayamba kale kupanga, mayina a mamembala ndi matumba awo zili momwemo. Dzina la amalume ndi lachitatu pa mndandandawo.